Moja ndi Iness

Kurasini, Dar es Salaam
21 Marichi 1993

Kwa amake Iness,

Ndikupereka moni kwa inu, kwa amayi anu ndi kwa ana onse. Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani monga akundisungira ine kuno. Thupi lili bwino, kupatula kutentha kwa dziko lino kumene sikudziwa mthunzi.

A Silas a ku Naisi, amene ananditenga pa lole yawo, sananame: ntchito ilipo. Makalata azidzera mwa iwo, popeza popita ku Blantyre amadutsa pa Domasi. Ndikugwira pa shedi yaikulu pafupi ndi doko, posungira matumba a feteleza ndi mchere opita kwathu. Sindinyamula, musade nkhawa ndi msana uja ndinabwera nawo ku Joni. Ine ndimaima kumbuyo kwa lole n'kumawerenga mokweza thumba lililonse likamakwera. Akakwana khumi ndimaponya mwala m'chitini n'kuyambiranso. Pomaliza kalaliki amawerenga miyala.

Vuto linali limodzi. Onyamula matumba amalipidwa malinga ndi zimene anyamula, ndiye safuna kumva wani, thuu, fili. Amafuna kumva m'Chiswahili chawo kuti asaberedwe. Mawuwo si achilendo kwenikweni, ena akufanana ndi athu, koma anthu akayamba kuthamanga ndi matumba lilime langa limathawira ku Chingerezi cha kumgodi. Masiku oyamba ndinasekedwa ngati mwana.

Kapitawo wathu ndi a Rashidi, Myao wa ku Tunduru, munthu wa msinkhu wanga. Timamvana m'Chiyao chomwe chija cha pamsika wa Songani. Ndi iwo andipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo, ndipo akazi awo amandiikira mbale. Tsiku lina anandikhazika pa thumba la mchere nati, "Akulu, mutu wa nkhalamba susunga mawu opanda nkhope. Kwanu mwasiya anthu angati?" Ndinawatchulira, iwo akupinda zala zanga chimodzichimodzi.

Ndilemba kuti mudziwe pamene aliyense waima. Moja ndi Iness. Mbili ndi Frank. Tatu ndi malemu Dyna. Pamenepa ndinati timudumphe, popeza chikuku chinamutenga asanayambe n'kuyenda komwe. A Rashidi anakana. Anati, "Munamubala kapena simunamubale? Wakufa sachotsedwa pamzere." Nne ndi Harry, tano ndi Chifundo. Dzanja linalo, sita ndinu, saba ndi amayi anu, nane ndine. Tisa anasowa munthu. Ndinati tiikepo mbuzi yathu yaikazi ija. Iwo anaseka nati mbuzi sikhala pamphasa ya anthu, malowo tisiyire mlendo amene Mulungu adzatumize. Kumi ndi chitseko, chotsekera onse m'nyumba.

Pa tisa ndimapunthwabe, poti palibe nkhope, koma enawo akubwera okha. Tsiku lonse ndimakhala ndikukuitanani mmodzimmodzi. Onyamula matumba atamva kuti woyamba ndi Iness ayamba kunditchula Baba Inesi.

Ndatumiza shuga, sopo ndi makwacha makumi asanu ndi limodzi. Frank akonze nkhokwe musanayambe kukolola, ndipo asadule nsungwi za kumtsinje popanda kufunsa achimwene anu a Malcolm. Iness asajombe kosokera kuja kwa a Zakaria ku Songani. Ndikudziwa kuti mtima wake unali kusukulu. Mumuuze kuti iye sanalephere mayeso, amene analephera fizi ndine.

Ndinakusiyani ndi munda wosapalira, chaka chotsatana ndi njala. Pamene ndinkakwera lole simunanene kanthu. Zimenezo ndinazimva.

Ndine mwamuna wanu,
Isaki Namakhwa


Kurasini
4 Julayi 1993

Kwa amake Iness,

Moni kwa nonse. Ine ndili bwino. Ndamva kuti mwendo wa amayi anu ukutupabe. Apite kuchipatala, asadalire zitsamba zokha. Za voti ya zipani zambiri ija tinamvera pa wailesi ya a Rashidi.

Kalata yanu ndaiwerenga, ndipo ndaiwerenganso. Mukuti a Zakaria atumiza amalume awo kwa a Malcolm kudzafunsira Iness, ndipo mwanayo wavomera kale. Mukuti ndi munthu wofatsa, samwa, ndipo ali ndi makina ake awiri. Zonsezo sindikutsutsa. Yankho langa ndi lakuti ayi.

Ndakhala mkulu wa mpingo ku Mishoni zaka zonsezi. Ndakhala pa seshoni kuweruza ana a anzanga pa nkhani zocheperapo kuposa iyi, ndipo makolo awo ankatuluka ataweramitsa mutu ine ndikuyang'ana. Lero mwana wanga woyamba, amene ndinamunyamula ndekha kupita naye ku ubatizo, akamangitse ukwati kwa shehe? Ndidzaima bwanji pamaso pa anthu amenewo?

Ndikudziwa malo anga. Mudzi ndi wanu, mwini mbumba ndi a Malcolm, ine ndine mkamwini. Dothi sindilamulira. Koma nyumba ya malata imene mukugonamo ndinamanga ndi msana wanga, ndipo chitseko chake ndi changa. Iness akasankha kupita ndi munthu ameneyo, asadzalowenso pachitseko chimenecho. Munthuyonso asamange pafupi ndi khomo langa. Mawu amenewa amve Frank, popeza ine kulibe ndiye mwamuna wa pakhomo. Kalatayi aisunge.

Mwalemba kuti ine ndikudya m'mbale ya Msilamu kuno. N'zoona. Kudya m'mbale ya munthu ndi kwina, kumupatsa mwana ndi kwina. Nkhani imeneyo musaibwerezenso.

Chimene sindingakane ndi ichi: kosokera kuja ndinamuperekeza ndine. Ku Zomba kunali amayi ena a mpingo wathu ophunzitsa kusoka, koma mtengo wawo unali wokwera. Kofiya ya a Zakaria ndinaiona, koma maso anga anali pa mtengo. Ndikanakhala pakhomo mwina ndikanaona zinthu zisanakule. Inu musadziimbe mlandu.

Mulankhule naye modekha. Amakumverani. Mumuuze kuti chaka chamawa, ntchito ikapitirira, ndidzamubwezera kusukulu, ngakhale yamadzulo.

Ndatumiza chitenje chimodzi cha inu ndi nsapato za Chifundo. Zikakula asunge, adzakuliramo.

Mwamuna wanu,
Isaki


Kurasini
19 Seputembala 1993

Kwa amake Frank,

Moni. Ndili moyo. Ndikhulupirira kuti inunso muli bwino pamodzi ndi amayi anu ndi anyamata.

Ndamva. Wapita, ndipo ndowa yawo, ukwati wa kwa shehe uja, yachitika. Mukuti inu simunapiteko koma munatumiza ufa ndi nkhuku. Sindifunsa kuti nkhukuyo inali ya ndani.

Zimene ndinanena zikhale momwemo. Dzina lake musamalilembe m'makalata.

Pantchito ndakonzanso mzere. Frank wakwera pa moja, malemu Dyna pa mbili, Harry pa tatu, Chifundo pa nne, inu pa tano, amayi anu pa sita, ine pa saba. Tsopano opanda nkhope ndi awiri, nane ndi tisa. Lilime silinazolowere, koma lizolowera. Ndauza onyamula matumba kuti azinditchula Baba Frank. Wina wa iwo, Makaiko, wamwano koma wolimbika, amene amanditchula mzee, ndiye kuti mkulu, anafunsa kuti, "Mzee, kodi kwanu ana amasinthana kubadwa?" Ine ndinapitiriza kuwerenga. A Rashidi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapita kukatsegula lole ina.

Mbewu musagule yapamsika yosadziwika. Munda wa kudambo muyambe kusosa tsopano. Ndalama ndatumizazi mugule malata a khitchini mitengo isanakwere, muwaike kuchipinda mpaka nditabwera. Denga la udzu lija lakudonthetserani mokwana.

Pamphasa yake ija pazigona Chifundo. Zovala zimene wasiya musazitaye, musazigawenso. Zingokhala m'sutikesi.

Isaki


Kurasini
12 Disembala 1993

Kwa amake Frank,

Landirani moni wanga, mupatsenso onse a pakhomo. Ndakondwa kumva kuti mvula yagwa bwino ndipo chimanga chamera. Ine chifuwa chinandigwira pang'ono, chifukwa cha fumbi la feteleza, koma chatha.

Mwezi uno ndalama zachepa. Ndikuuzani chifukwa chake, kuti musaganize zina.

Malole awiri anafika kwathu ndi matumba osakwana. Mwini shedi anakalipa kwambiri nati onyamula akuba. Anafuna kuchotsa Makaiko, popeza ndiye amakhala pamwamba pa lole kusanja katundu. Munthuyo ali ndi mkazi ndi ana. Analumbira akulira kuti sanagwire kanthu, ndipo ine ndinaima pomwepo ndi chitini changa, wotsimikiza kuti miyala yanga siinama.

A Rashidi anapempha tsiku limodzi. M'mawa mwake anaima pambali panga, akungomvetsera. Poyamba zonse zinayenda bwino. Dzuwa litakwera, thukuta lili m'maso, anakweza dzanja n'kuimitsa mzere wonse.

"Akulu, thumba ili mwaliitana chiyani?"

Ndinati, "Moja."

"Ayi. Mwati mbili. Ndipo aka si koyamba lero."

Ndinatsutsa. Anaitana Makaiko, iye nati, "Ife timamva mzee akuyambira pa mbili, timati mwina moja wamezera m'kamwa."

Pamenepo ndinazindikira. Ndikatopa sindiwerenga mawu, ndimawerenga nkhope. Thumba loyamba likamakwera ndimaona Frank, monga ndinakonzera. Koma pakamwa panga Frank ndi mbili, ndipo pakukana kumudziwa mwanjira ina. Ndiye ndinkafika pa kumi n'kuponya mwala, matumba ali asanu ndi anayi okha.

A Rashidi ananditengera kumthunzi. Sanakalipe. Anafunsa kuti moja wapita kuti. Ndinawauza mwachidule, osatchula kuti mwamunayo ndi wachipembedzo chawo, koma ndikuganiza kuti anadziwa. Iwo anati, "Ine za kwanu sindilowerera. Ndingodabwa chinthu chimodzi. Wakufa mukumuwerenga, wamoyo mukumudumpha."

Ndinati, "A Rashidi, inu ndinu kapitawo wa matumba."

Anati, "Eya. Ndipo matumba akusowa."

Ndinapita ndekha kwa mwini shedi kukanena kuti wolakwa ndine. Makaiko ntchito yake yatsala. Ine andidula malipiro, ndipo akuti zikachitikanso ndinyamule chikwama. Pofuna kusunga ntchito ndabwerera ku mzere wakale. Pa shedi pokha. Musatanthauzire zambiri.

Tsopano za kumapeto kwa kalata yanu. Simunalembe dzina, monga ndinapemphera, koma ndamva amene mukunena. Mukuti ndi woyembekezera, ndipo mwana woyamba amabadwira kwa amayi. Mwambo umenewo ndikuudziwa. Inunso munachira Iness m'nyumba ya amayi anu, ine ndikuzungulira panja ngati nkhuku yosowa poikira. Ndalemba dzinalo mosaganiza, ndipo sindifufuta, pepala ndi lodula.

Mawu anga aja sindinawabweze. Munthu amene amabweza mawu kalata iliyonse ana ake samumvera. Nthawi ikadalipo, mukuti ndi cha mu Meyi. Ndiganize kaye.

Khirisimasi mudye bwino. Muphe tambala wofiira uja. Ine kuno ndidzapita ku tchalitchi china cha Anyasa anzathu, n'kubwerera.

Mwamuna wanu,
Isaki


Kurasini
20 Febuluwale 1994

Kwa amake Iness,

Moni. Ndikulemba mofulumira, a Silas akupakira ndipo anyamuka masana ano.

Kuno anzathu ali m'mwezi wawo wosala kudya. Akazi a a Rashidi amandiphikirabe masana, iwo osalawa ngakhale mchere wa ndiwo. Ndinawaletsa, anati njala yawo si yanga.

Lachinayi mwana wawo wamkazi anafika kuchokera kwa mwamuna wake, ali pafupi kuchira mwana woyamba. Ndinali pakhonde. Anatulukira pangodya ya msewu, mtolo pamutu, dzanja limodzi lili m'chiuno, akuyenda pang'onopang'ono. A Rashidi anali atakhala pambali panga, ofooka ndi ludzu. Anadzuka osavala ndi nsapato zomwe, anakamuchingamira, namutula mtolo n'kuusenza okha, mwamuna wa imvi, anthu akuona. Sanaganize kanthu. Anangodzuka.

Ndinalowa m'kachipinda kanga ndipo mbale ya tsiku limenelo inabwerera yodzaza.

Iness abwere. Abwere tsopano, asadikire Meyi. Agone kuchipinda kwathu, pabedi, malata aja muwatulutse. Frank amve kuti mawu a m'kalata ya Julayi ndawabweza ine mwini, ndipo kalatayo aitenthe. Za mwamunayo sindinafikepo, koma akabwera kudzaona mkazi wake mumupatse mpando ndi madzi.

Za seshoni zisiyeni, ndi zanga.

Kwacha akuti yagwa, zinthu zakwera kwanuko. Ndatumiza zimene ndinali nazo, ndi nsalu ziwiri zofewa. Mukudziwa ntchito yake.

Isaki


Kurasini
17 Epulo 1994

Kwa amake Iness,

Ndikupereka moni kwa inu ndi kwa onse amene angaulandire. Za thupi langa musafunse, zilibe kanthu.

A Silas afika dzana ndi kalata yanu. Asanandipatse anavula chipewa n'kufotokoza kuti lole inawafera kupitirira Mbeya, ndipo anakhala kumeneko milungu ingapo kudikira chitsulo. Kalata yanga inali m'thumba la malaya awo nthawi yonseyo. Anapepesa kwambiri. Ndinawauza kuti alibe mlandu. Kalata imene inachedwa panjira ndi ya Febuluwale, koma ine ndinali ndi cholembera kuyambira Disembala.

Ndibwereza zimene mwalemba, kuti ngati ndamva molakwa mundikonze. Iness anabwera kumayambiriro kwa Marichi, miyendo itatupa, a Zakaria atapita ku Limbe kukagula nsalu. Inu munali ku maliro ku Malosa, amayi anu ali kumunda wa kudambo. Anapeza Frank. Frank anatenga kalata yanga ya Julayi, naima pachitseko, namuwerengera. Mwanayo sanatsutse. Anapempha madzi akumwa, anamwera panja, nasenzanso mtolo wake. Mvula inamupeza panjira, ndipo poti mtsinje unali utadzaza anazungulira mpaka kumlatho. Anafika ku Songani kutada, ndipo m'mawa mwake matenda a uchembere anayamba, kutatsala miyezi iwiri kuti nthawi yake ikwane. A Zakaria, amene anali atabwerako, anamutengera kuchipatala panjinga, akukankha, iye atakhala pakaliyala.

Mwalemba kuti mutamva munanyamuka osafunsa munthu, ndipo munakhala kuchipatala mpaka anatuluka. Mwalembanso kuti, "Mukafuna kundikalipira mundikalipire." Amake Iness, chaka chonsechi m'nyumba mwathu munthu amene wachita chinthu cholongosoka ndinu.

Frank musamukalipirenso. Mukuti sakudya bwino ndipo amazemba mlongo wake. Mumuuze kuti iye anagwira chitseko, koma dzanja linali langa. Anachita zimene bambo ake anamuuza, monga ndinamulerera. Ndidzamulembera payekha ndikapeza mawu.

Mukuti mwana amene anabadwayo ndi wamkazi, wamng'ono ngati botolo, ndipo amakhala pachifuwa cha amake usana ndi usiku atakulungidwa m'nsalu zija. Mukuti anamwino sanalonjeze kanthu, ndipo dzina simunamutche chifukwa simukudziwa ngati wabwera kudzakhala. Mukuti Iness anataya magazi ambiri ndipo akaimirira amachita chizungulire. Mugule chiwindi, musayang'ane mtengo. Mbuzi yaikazi ija muigulitse ngati n'kofunika.

Mukuti kalata yanga itafika munamuwerengera, iye nati zikomo, koma anakana kulowa m'nyumba ya malata. Akugona m'kanyumba ka amayi anu. Musamukakamize. Bedi mulinyamulire komweko.

A Malcolm achita bwino kuonetsa a Zakaria malo omanga kumunsi kwa mango. Sanafunikire kundifunsa ndipo sanandifunse. Malata a khitchini aja muwapereke kumeneko. Musanene kuti ndi mphatso. Munene kuti akungodya malo kuchipinda.

A Rashidi ndawauza zonse, ndi za chipembedzo cha mwamunayo zomwe. Ndinayembekeza mawu. Iwo anangoti, "Mwanayo ali moyo lero?" Ndinati malinga ndi kalata, inde. Anati, "Ndiye tiyeni tikapakire."

Pantchito sindinalakwitsenso. Moja ndimamutchula mokweza kuposa kale, mpaka Makaiko akuti ndikuopseza matumba. Pa tisa ndiye ndimaima. Kale ndinkapunthwa chifukwa panalibe munthu. Tsopano ndikudziwa kuti alipo, koma sindingamuikepo. Alibe dzina, ndipo si ine woyenera kumuwerenga popanda chilolezo.

Ndili ndi pempho limodzi. Mwanayo akalimba n'kutchedwa dzina, mufunse Iness ngati angalole kuti ndilidziwe. Mumufotokozere za mzere uja, kuti iye ndi moja, ndi kuti pa tisa mpopanda munthu. Za miyezi imene ndinamuchotsapo mumuuzenso, asamve kwa ena. Akakana, mundilembere kuti wakana. Musandipatse dzinalo mobisa.

Mwamuna wanu,
Isaki


Kurasini
26 Juni 1994

Kwa amake Iness,

Moni kwa inu nonse. Ndikuthokoza Mulungu pomva kuti mwakolola zokwanira, ndi kuti mwendo wa amayi anu waphwa. Ine ndili bwino. Kuno kwayamba kuzizirirako, ngakhale anthu a kuno sadziwa chisanu cha pansi pa phiri.

Kalata yanu ndalandira. Mukuti mwana wayamba kuyamwa mwamphamvu ndipo akulira mpaka kumveka kumtsinje. Alire. Mukuti Iness wayamba kuyenda mpaka pachitsime, ndipo Frank ndiye amamutungira madzi, ngakhale salankhulana zambiri. Zimenezo zisiyeni zikule zokha.

Malata mukuti wawabweza. Akuti udzu ulipo wambiri kudambo ndipo mwamuna wake ali ndi manja. Ali ndi chifukwa. Musawabwezere kuchipinda. Muwaimike kuseri kwa nkhokwe, pamene munthu angawatenge osadzera pakhomo langa. Mvula ikafika ali pomwepo, akhale pomwepo.

Abusa ndawalembera ndekha. Ndawauza kuti mwana wanga anakwatiwa ku Chisilamu, kuti akumanga pamudzi pathu, ndi kuti ndikabwera ndidzadya m'nyumba mwake ngati adzandiitana. Seshoni ichite zimene ichite. Ena mwa akulu aja akudikira tsiku limeneli kuyambira kale, ndipo sindingawadandaule, ana awo ndinawaweruza ndine. Inu ku Mvano muzipita monga mwa masiku onse, mutu uli m'mwamba.

Kumunsi kwa kalata yanu, pansi pa dzina lanu, pali mawu amodzi olembedwa ndi dzanja lina. Dzanjalo ndikulidziwa. Ndine ndinaligwira pamene linkaphunzira kulemba pa sileti, ndipo S wake amapendekerabe kumbuyo. Sanalembe moni, sanalembe kuti bambo. Walemba kuti Saida. Sindinayembekeze zoposa pamenepo.

Si dzina la m'buku lathu la ubatizo. Ndalitchula kangapo ndili ndekha, ndipo likutchulika.

Lolemba tinali ndi lole ya mchere. Ndinaima pamalo panga ndi chitini. Moja, mbili, tatu, mpaka nane, kenaka tisa anangotuluka, kumi, mwala m'chitini. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Makaiko anasuzumira kuchokera pamwamba pa lole nati, "Baba Inesi lero wamwa mafuta a makina!" A Rashidi anali patali ndi kalaliki. Anabwera pang'onopang'ono, naima pambali panga mpaka ndinaponya mwala wina.

"Akulu, mlendo uja wafika?"

Ndinati, "Wafika."

"Ndani?"

Ndinawauza. Anabwereza dzinalo, nati, "Mwaona? Mukanaikapo mbuzi."

Ndikuyembekeza kubwera mu Okutobala, mwini shedi akalola, kuti ndidzathandize kusosa. Sindidzafika ndi phokoso. Musamuuze Iness kuti adzandichingamire kumsewu. Ndidzapita ndekha kumunsi kwa mango, ndidzaima pabwalo n'kuodira, ndipo ndidzadikira monga adikirira mlendo aliyense.

Ndatumiza shuga, mafuta odzola a mwana ndi bulangete laling'ono. Bulangetelo likabwezedwa, mufunditse amayi anu kumiyendo.

Moni wanga upite kwa onse, kuyambira moja mpaka tisa. A Zakaria muwapatsenso moni. Pamzere malo atha, koma a Rashidi akuti kuseri kwa kumi kuwerenga kumapitirira, ndipo ayamba kundiphunzitsa.

Ndine mwamuna wanu,
Isaki, bambo a Iness